Musanalipire part time: mmene mungapezere mphunzitsi woti athandizedi mwana wanu

Malipoti akangotuluka kumapeto kwa teremu, foni yanga sipuma. Wina ndi mnzanga wa kutchalitchi, wina ndi mlamu wanga, wina sindimudziwa n'komwe, nambala anachita kupatsidwa ndi munthu mu minibasi. Funso limakhala lomwelo: "Aphunzitsi, mwana wanga masamu amukanika, mungatipezereko wa part time wabwino?" Ndaphunzitsa masamu zaka zambiri, ndipo part time ndaichita pakhonde panga ndi m'nyumba za anthu. Yankho langa ndi lalitali, mayunitsi amatha tisanafike penipeni. Ndiye ndaganiza zolemba kamodzi, kuti aliyense wofunsa ndizingomutumizira.

Tikamati part time tikunena maphunziro apadera olipira, ochitika sukulu ikaweruka, Loweruka kapena pa holide. Ena amabwera kunyumba kudzaphunzitsa mwana mmodzi, ena amasonkhanitsa kagulu pakhonde kapena m'kalasi yobwereka. Musasokoneze ndi open, sukulu ya masana imene imachitikira pa masekondale ambiri ana a m'mawa akaweruka. Open ndi sukulu yathunthu yokhala ndi maphunziro onse, pamene part time ntchito yake ndi kutseka pamene pakudontha.

Kuyambira 1994, pamene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, makalasi anadzaza kwambiri, moti m'makalasi ang'onoang'ono si zachilendo kupeza mphunzitsi mmodzi ali ndi ana oposa 100. Mphunzitsi ameneyo, ngakhale atakhala waluso chotani, sangadziwe kuti mwana wanu anatayika tsiku liti ndiponso pa mutu uti. Chimene mukugula mukamalipira part time ndi munthu woti apeze malo amenewo. Ngati sakuwapeza, mukulipira kuti mwana amve kachiwiri zimene sanamve m'mawa.

1. Dziwani mayeso amene mwana akupita kukakumana nawo

Makolo ambiri amangoti "akhoze basi". Kukhoza kuli ndi malamulo ake, ndipo muyenera kuwadziwa musanasankhe phunziro loti mulipire.

Mayeso onse atatu aakulu amakonzedwa ndi bungwe la MANEB la ku Zomba. A PSLCE amalembedwa mu Sitandade 8, ndipo ndi amene amagwiritsidwa ntchito posankha ana opita ku sekondale za boma, kaya yogonera komweko kapena CDSS, ija yoyendera ya m'dera. A JCE ndi a Fomu 2. Anaimitsidwa kwa zaka zingapo n'kubwereranso mu 2021. A MSCE ndi a Fomu 4, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Magiredi ake amayambira 1 kufika 9, ndipo nambala yaing'ono ndiyo yabwino: 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi pass, 9 ndiye kulephera. Anthu akamati wakuti wapeza mapointi 14, aonkhetsa magiredi a maphunziro 6 amene wakhoza bwino koposa. N'chifukwa chake palibe angapeze mapointi ochepera 6.

Chofunika kuchigwira ndi ichi: wolephera Chingerezi sapatsidwa satifiketi ya MSCE, ngakhale atapeza 1 m'masamu. Ndipo pofunsira malo ku mayunivesite a boma kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite, pamafunika ma credit 6, Chingerezi chili momwemo. Ndaonapo banja likukhuthulira ndalama pa Physics ndi Chemistry chaka chonse, mwana ali ndi 8 m'Chingerezi, palibe akumuyang'ana. Ngati thumba likukwana phunziro limodzi kapena awiri okha, yambani ndi limene lingagwetse satifiketi yonse. Musalipire maphunziro 7 nthawi imodzi. Mwana amangotopa, inunso mumangosauka.

2. Pitani kusukulu musanapite kwa wa part time

Tengani tsiku limodzi mukaonane ndi mphunzitsi wa kalasi. Pitani mwaulemu, osati ngati mukukazenga mlandu. Funsani kuti mwana amakhala pati m'kalasi, amajomba kangati, amafunsa mafunso kapena amangokhala duu. Pemphani mapepala a mayeso a teremu yatha amene anachongedwa. Lipoti limangokuuzani kuti 32 pa 100, koma pepala limakuonetsani pamene 68 ija inatayikira.

Kunyumba, tsegulani makope ake onse. Onani ngati notsi zili zathunthu, ngati ntchito imachongedwa, ngati pali masabata amene sanalembe kanthu. Muonenso thupi la mwanayo. Mwana wotsinzina diso akamayang'ana pa bolodi, kapena wotembenuzira khutu limodzi kwa wolankhula, akufunika kuchipatala choyamba. Wopita kusukulu m'mimba muli pululu sangamve masamu a 11 koloko. Mtsikana wojomba masiku angapo mwezi uliwonse chifukwa chosowa zodzisamalira amaphonya mitu yathunthu, ndipo mwina sanganene kwa bambo ake. Zoterezi part time siingakonze.

3. Kusaka munthu wake

Funsani makolo amene ana awo anaphunzitsidwapo ndi munthuyo. Funso loti "amaphunzitsa bwino?" silithandiza, aliyense amati eya. Funsani kuti mwana anayamba ali pati, anafika pati, ndipo zinatenga miyezi ingati. Ngati n'kotheka lankhulani ndi mwanayo.

Amene amachita part time ndi osiyanasiyana. Pali aphunzitsi a pulayimale odutsa ku TTC (koleji yophunzitsa aphunzitsi), a sekondale ochokera ku makoleji ndi mayunivesite ngati Domasi, Nalikule, Mzuni kapena Chancellor, aphunzitsi opuma pa ntchito, ophunzira a ku yunivesite amene ali pa holide, ndi achinyamata ongomaliza Fomu 4 amene akudikira zotsatira za kusankhidwa. M'magulu onsewa muli abwino ndi osathandiza. Mapepala aoneni, koma asakuphimbeni m'maso. Mnyamata wa mapointi 9 nthawi zina amalephera kuphunzitsa chifukwa iye masamu sanamuvutepo, sadziwa kuti munthu amasochera bwanji. Akaona mwana sakumva amangobwereza mawu omwewo mokweza. Kwa mwana wa Sitandade 3 amene sakutha kuwerenga, ine ndingasankhe mayi wopuma pa ntchito amene anaphunzitsa Sitandade 1 kwa zaka 20 kusiyana ndi munthu wa digiri amene sanagwirepo dzanja la mwana pomuphunzitsa kulemba "a".

Mufunseni ngati ali ndi silabasi imene ikugwira ntchito panopa. Silabasi imalembedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, ndipo imasintha. Physical Science imene ambiri tinalemba inagawidwa kukhala Physics ndi Chemistry, mabuku a Literature nawonso amasinthidwa pakapita zaka. Munthu wobwera ndi kope lake la notsi la nthawi imene iye anali pa sukulu, n'kumalembetsa mwana zomwezo, akhoza kumuphunzitsa mitu imene siidzabwera.

Chenjerani ndi kulipira mphunzitsi yemweyo amene amaphunzitsa mwana wanu m'kalasi. Unduna wa Maphunziro wakhala ukuletsa aphunzitsi a boma kulipiritsa ana a m'kalasi mwawo, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Pamabwera chiyeso chosunga mitu ina kuti ikaphunzitsidwe kwa olipira okha, kapena kuwanong'oneza mafunso a mayeso a teremu. Malikisi amakwera, inu n'kumasangalala, koma a MANEB sadziwa kuti munalipira ndani. Aphunzitsi anzanga ambiri ndi okhulupirika ndipo malipiro awo ndi ochepa, ndikudziwa bwino. Komabe mwana amene sanamve kufotokoza kwa munthu mmodzi m'mawa amapindula akamva kwa wina madzulo.

Wolonjeza mapointi asanaone n'komwe kope la mwana, musiyeni apite.

4. Kupeza pamene mwana anatayikira

Apa ndi pamene pali ntchito yonse, ndipo ndi pamene makolo ndi aphunzitsi ambiri amalumpha chifukwa pamawawa.

Mwana wa Fomu 3 akamalephera masamu a Fomu 3, nthawi zambiri vuto silili mu Fomu 3. Masamu ali ngati khoma la njerwa. Mzere wachitatu ukapindika, mungapake pulasitala wokongola bwanji pamwamba, mng'alu udzatulukabe. Mphunzitsi wabwino pa tsiku loyamba ndi lachiwiri saphunzitsa, amafufuza. Amapereka funso la kalasi imene mwana ali. Likakanika amatsika sitepe imodzi, likakanikanso amatsikanso, mpaka afike pamene mwana akukhoza mafunso atatu motsatana, yekha, osayang'ana kumaso kwa mphunzitsi kuti aone ngati akulondola. Pamenepo ndiye poyambira. Mwachitsanzo, factorisation ikakanika, amayesa kuchotsa mabulaketi. Zikakanika, amayesa nambala za negative. Kenako mafulakishoni, kenako matebulo, mpaka kuchotsera kobwereka ngati 402 kuchotsa 178.

Mtsikana wina wa Fomu 3 anabwera kwa ine mayi ake akuti algebra yamuvuta. Kope lake linali laukhondo, mizere yofiira yolembedwa ndi rula, notsi zonse zilimo. Titatsika masitepe anayi ndinamulembera 1/2 + 1/3. Sanachedwe, analemba 2/5, waonkhetsa zam'mwamba pazokha, zam'munsi pazokha. Sindinamuuze kuti walakwa. Ndinatenga nzimbe imene inali pakhonde, ndinaika chala pakati n'kumufunsa kuti theka ndi liti. Anandionetsa. Ndinati, "Nanga 2/5 ifika pati?" Anayeza ndi zala zake, magawo asanu, n'kuloza malo osafika pakati paja. Ndinamufunsa, "Unali ndi theka, ndakuwonjezera china, zatheka bwanji kuti utsale ndi chosakwana theka?" Anakhala chete nthawi yaitali, akuyang'ana nzimbe ija. Kenako anati, "Ndiye kuti nthawi yonseyi ndimalakwitsa?" Tinalemba timizere pa nzimbe ija n'kuigawa magawo 6 ofanana. Theka linatenga atatu, 1/3 inatenga awiri, pamodzi 5/6. Mwana ameneyu anayenda ndi cholakwika chimodzichi kuchokera ku pulayimale, ndipo funso lililonse la algebra lokhala ndi fulakishoni limamugwetsa pa mzere wachiwiri, ngakhale njira ya funsolo amaidziwa.

Nambala za negative n'chimodzimodzi. Mwana woloweza kuti "minus ndi minus ndi plus" akaona -3 - 5 amalemba 8 kapena 2. Muuzeni kuti ali ndi ngongole ya K300 pa okala, watenganso sopo wa K500 pa ngongole, ayankha msanga kuti ngongole yafika K800. Nzeru zilipo, chimene chinasowa ndi munthu woti alumikize chizindikiro cha papepala ndi zinthu zimene mwana amazidziwa kale.

Nthawi zina vuto silikhala masamu n'komwe. M'sukulu zambiri za boma ana amaphunzira m'Chichewa kapena m'chilankhulo cha kwawo m'makalasi oyambirira, ndipo akafika Sitandade 5 zonse zimatembenukira m'Chingerezi. Ana ambiri amatayikira pa mlatho umenewu. Mnyamata wina wa Sitandade 6 ankawerenga Chingerezi mokweza bwinobwino, mawu onse kuwatchula molondola. Funso linali loti wina ali ndi mango 12, wina 7, "how many more". Iye ataona "more" anaonkhetsa n'kupeza 19. Nditamufunsa m'Chichewa kuti woyambayo akuposa mnzake ndi mango angati, anati 5 ndisanamalize n'kulankhula. Mwana wotere mukamulipirira masamu mwataya ndalama, akufunika wina womuthandiza kumva zimene akuwerenga. Njira yoyesera ndi yosavuta, ndipo inu nomwe mungaichite usiku uno: awerenge ndime imodzi ya m'buku lake, atseke buku, akufotokozereni m'Chichewa zimene wawerenga. Akalephera, mwapeza poyambira.

Tsono chovuta chenicheni chimabwera bowo, malo aja mwana anatayikira, likapezeka. Mphunzitsi amayenera kubwera kwa inu n'kunena kuti, "Bambo, mwana wanuyu ali Fomu 3, koma tiyambira za Sitandade 5." Mawu amenewa amapweteka. Ndamvapo kholo likuyankha kuti, "Ine ndikulipira za Fomu 3, za pulayimale anamaliza kalekale, satifiketi ili m'nyumbamu." Aphunzitsi ambiri a part time amadziwa kuti akanena zoona ataya kasitomala, ndiye amangotsegula buku la Fomu 3 n'kumapitirira, aliyense n'kumaoneka wokondwa mpaka zotsatira zitatuluka.

Ine ndinazichitapo ndili wamng'ono pa ntchito, ndipo mpaka lero zimandipweteka mumtima. Ndinaphunzitsa mnyamata wina miyezi itatu, mutu ndi mutu motsata buku la kalasi yake. Ndikamafotokoza amagwedeza mutu, ndikamufunsa ngati wamva amati eya. Mayi ake ankagulitsa mandasi, ndipo ndalama imene amandipatsa imabwera yopindapinda, ili ndi mafuta. Mayeso a teremu anapeza malikisi omwe aja. Nditakhala naye pansi mochedwa, ndinapeza kuti 7 kuchulukitsa ndi 8 amachita kujambula timitengo kuseri kwa pepala n'kumawerenga kamodzikamodzi. Funso limodzi limamudyera nthawi ya mafunso anayi. Ndikanamuyesa tsiku loyamba, miyezi itatu ija ikanapita pa matebulo, ndipo ndalama za mayi aja zikanagwira ntchito.

Choncho mphunzitsi akakuuzani kuti mwana ayambire m'munsi, mugwireni ndi manja awiri. Kenako mugwirizane zinthu zingapo. Ola ligawidwe: gawo lalikulu likhale lokwirira bowo, mphindi 15 kapena 20 zomalizira zikhale za ntchito ya kusukulu ya sabata imeneyo, kuti mwana asaone ngati anzake akumusiya kutali. Mugulireni kope latsopano la ntchito imeneyi. Nkhani yoti akuchita za Sitandade 5 isafike kwa azing'ono ake kapena kwa alendo. Mwana wa zaka 16 akachita manyazi amatseka mutu, ndipo kuutsegulanso ndi ntchito yaikulu kuposa mafulakishoni. Inuyo musamufunse kuti, "Nthawi yonseyi umatani kusukulu?" Iye sanasankhe kudwala malungo sabata imene mutuwo umaphunzitsidwa, kapena kukhala kumbuyo kwa ana 90.

Funsaninso nthawi. Bowo limodzi ngati la mafulakishoni, mwana wamkulu akhoza kulikwirira m'masabata ochepa, chifukwa mutu wake unakhwima kusiyana ndi nthawi imene ankaphunzira koyamba. Kuwerenga Chingerezi momva kumatenga miyezi. Ngati mwabwera mayeso atatsala masabata 8, mphunzitsi woona mtima sangalonjeze kukonza zonse. Adzasankha mitu ingapo imene mwana ali nayo pafupi kuimvetsa ndiponso imene imabwerabwera pa mayeso, n'kulimbitsa imeneyo. Mayeso a MANEB amalembedwa kuyambira cha mu May mpaka July, ndiye nthawi yabwino yoyamba ndi September sukulu zikamatsegulidwa, ndipo koposa zonse mwana akadali Sitandade 6 kapena 7, Fomu 1 kapena 3. M'mera m'poyamba.

5. Khalani nawo pa phunziro limodzi, muone amene wagwira cholembera

Simufunika kudziwa Chemistry kuti muone ngati phunziro likuyenda. Khalani chapatali, muzisankha nyemba kapena kusita, makutu ali komweko. Mphunzitsi wokana kuti kholo limvetsere, mufunseni chimene akubisa.

Yang'anani cholembera. Ngati ola lonse chili m'manja mwa mphunzitsi, mwana akungoonerera ngati ali pa mpira, palibe chikulowa. Munthu amaphunzira kupalasa njinga ali pa chishalo, osati ataima m'mbali mwa msewu. Pa phunziro labwino mphunzitsi amaonetsa chitsanzo chimodzi, chachiwiri amachitira limodzi, chachitatu mwana amalimbana nacho yekha.

Mvetserani mafunso. "Wamva?" si funso, mwana wa ulemu wa kwathu kuno sangauze wamkulu kuti sanamve. Mphunzitsi wodziwa ntchito amati, "Tandifotokozera mmene wapezera," kapena, "Ukanakhala ukuphunzitsa mng'ono wako, ukanayamba bwanji?" Amafunsa zimenezi ngakhale yankho lili lolondola, chifukwa mwana akhoza kulondola mwangozi.

Onaninso zimene zimachitika mwana akakakamira. Mphunzitsi wosapirira amadikira masekondi awiri n'kupereka yankho. Wabwino amatha kukhala chete, kapena kupereka kachidziwitso kakang'ono n'kudikiranso. Kukhala chete kumeneko makolo ena amakuona ngati kutaya nthawi yolipira, koma ndi pamene mutu wa mwana ukugwira ntchito. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zolakwika ziwiri zimene muyenera kuziletsa tsiku lomwelo: kulembera mwana homuweki, ndi kumenya kapena kutukwana. Homuweki yolembedwa ndi wa part time imanamiza mphunzitsi wa kalasi kuti mwana wamva. Ndipo mwana amene akuyang'ana ndodo saganiza za funso, amaganiza zopulumuka. Makolo ena amachita kupempha okha kuti, "Muzimukwapula, ndi wamakani." Ine ndimakana, ndipo ndikupemphani kuti musapemphe zimenezo.

Pa chilankhulo, musadandaule mukamva akufotokoza m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao. Kumvetsa kuyambe m'chilankhulo chimene mwana amaganizira. Chofunika n'chakuti pomaliza alembe yankho m'Chingerezi cha pa mayeso, ndipo adziwe kusiyana kwa mawu ngati "state", "describe" ndi "explain", chifukwa malikisi ambiri amathera pamenepo.

6. Gwirizanani za malo, nthawi ndi ndalama musanayambe

Malo akhale oonekera, pabalaza kapena pakhonde, chitseko chotsegula, wamkulu wina ali pakhomo. Kuchipinda ayi, ngakhale mphunzitsiyo atakhala wa kutchalitchi kwanu kapena wachibale. Mauthenga onse adzere pa foni yanu, osati ya mwana. Ngati mwana amapita kwa mphunzitsi, pitani mukaone malowo, mudziwe amene amakhalapo, ndipo azibwerako kusanade. Izi n'za atsikana ndi anyamata omwe. Malamulo a dziko lino, kuyambira 2017, amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ngakhale atakula thupi chotani. Mwana amene ankapita mokondwa akayamba kukana mwadzidzidzi, musathamangire kumutcha waulesi. Khalani naye pansi mumufunse modekha, ndipo mukhulupirireni. Nambala yaulere yothandiza ana ndi 116. Mphunzitsi wolongosoka sakhumudwa ndi malamulo amenewa, amamutetezanso iye.

Nthawi: katatu pa sabata ola limodzi kumaposa Loweruka lathunthu. Wa pulayimale ya m'munsi mphindi 45 zakwana. Adye kaye, apumeko pang'ono akaweruka. Musamulande nthawi yonse yosewera ndi yogona.

Gulu si loipa. Ana anayi kapena asanu a msinkhu umodzi amaphunzitsana okha, ndipo mtengo umatsika. Koma mukapeza ana 40 m'chipinda chimodzi, Fomu 1 mpaka Fomu 4, mphunzitsi akulemba notsi pa bolodi, mwangolipira kalasi ina yodzaza.

Mitengo imasiyana malinga ndi dera, kalasi ndi phunziro, ndipo ikusintha pafupipafupi mmene zinthu zikukwereramu, ndiye funsani makolo atatu a m'dera lanu musanavomere. Musalipire teremu yonse patsogolo. Mwezi ndi mwezi, kapena theka poyamba theka pomaliza. Kumapeto kwa kope la mwana mulembe masiku, mphunzitsi azisainira akabwera ndi kulemba mutu umene achita. Kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba kumasiya umboni. Mugwirizanenso kuti tsiku likaphonyeka chifukwa cha maliro kapena matenda libwezedwa bwanji. Ndipo inunso muzilipira pa tsiku lake. Mphunzitsi amene amayenda wapansi kuchokera kutali, n'kumauzidwa kuti "bwerani mawa" mwezi uliwonse, mtima wake umachoka pa mwana wanu pang'onopang'ono.

Ngati ndalama palibiretu, za m'gawo 4 pamwambapa mungazichitebe. Mwana wamkulu wa pafupi, kagulu ka anzake atatu okumana pansi pa mtengo ndi mapepala a mayeso akale, kapena inu nomwe kumufunsa matebulo mukuphika, zonsezi zimakwirira maenje.

7. Pakatha masabata 6, yesani nokha

Musadalire mawu oti "akuchita bwino". Tengani mafunso omwe aja amene anamukanika tsiku loyamba, musinthe manambala okha, mumupatse ali yekha patebulo, mphunzitsi palibe, foni palibe. Akakhoza, ndalama zanu zikugwira ntchito. Malikisi a kusukulu akhoza kuchedwa kukwera ngati munayambira m'munsi, choncho yang'ananinso zizindikiro zina: wayamba kutsegula buku osatumidwa, akulemba njira yonse m'malo mongolemba yankho, akutha kunena kuti, "Apa ndi pamene sindikumva," m'malo mongoti zonse n'zovuta.

Ma past paper, kutanthauza mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, ndi abwino kwambiri akagwiritsidwa ntchito moyenera. Mwana alembe pepala lonse pa nthawi yake yeniyeni, wotchi ili patebulo, kenako akhale ndi mphunzitsi kuona funso lililonse limene walakwa ndi chifukwa chake. Kuloweza mayankho a mapepala akale n'kopanda phindu, chifukwa funso likangotembenuzidwa pang'ono mwana amasowa pogwira.

Mayeso akamayandikira mudzamva za likasa. Mawuwa amatanthauza zobera mayeso, kaya timapepala tolowa nato m'chipinda cholembera kapena mafunso amene akuti atuluka mwachinsinsi. Wa part time akakuuzani kuti onjezerani ndalama ali ndi "zenizeni", tsiku lomwelo ntchito yathera pomwepo. Zambiri mwa izo zimakhala zabodza, mwana amataya masiku omaliza akuloweza mafunso osabwera. Zikakhala zoona, ndi mlandu, ndipo zotsatira za mwana zikhoza kufufutidwa. Kumbukirani 2020, pamene mayeso a MSCE anaimitsidwa ali m'kati chifukwa mapepala anabedwa, ana a dziko lonse n'kulembanso kumayambiriro kwa 2021, kuphatikizapo amene sanaone n'komwe likasalo.

Ngati pa masabata 6 palibe chasintha, khalani pansi ndi mphunzitsi mumufunse chimene wapeza. Wodziwa ntchito adzatsegula kope n'kukulozerani mzere weniweni pamene pakuvuta, n'kunena chimene asinthe. Wongoti "mwanayu ndi wofooka" kapena "salimbikira" popanda choonetsa, mupatseni ndalama zake za mweziwo, mumuthokoze, musake wina. Mphunzitsi watsopanoyo mumupatse kope lija kuti asayambirenso kufufuza.

Zikayenda bwino, yambani kuchepetsa. Kuchoka pa katatu pa sabata kufika kawiri, kenako kamodzi, mwana azibwera ndi mafunso amene wayesa yekha n'kumukanika, atawalemba chizindikiro m'mbali. Mtsikana wa nzimbe uja pofika pakati pa Fomu 4 ankabwera Lachisanu lokha, atanyamula mafunso atatu kapena anayi, ndipo Lachisanu lina anatuma mng'ono wake kudzandiuza kuti sabata imeneyo sabwera, onse wawapeza yekha.